Anati Mundipeza, Osanena Malo

Linali Lachitatu, pa 6 Epulo 2022, nthawi ili 10 koloko m'mawa, imene kuno ku Mbamba Bay timati saa nne. Ndinakhoma chitseko cha kashopu kanga kosokera, n'kukwera kumbuyo kwa pikipiki, njinga yamoto, ya munthu wina wa ku Vietnam. Ndinkapita kumanda kukatsanzika mkazi wanga, poti m'mawa mwake ndinayenera kukwera boti kubwerera ku Malawi, osadzabweranso.

Kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinawoloka nyanja ndili mnyamata, nditanyamula makina osokera ndi satifiketi ya Fomu 4 imene sinandipezere ntchito. Ndinakwatira mkazi wa konkuno, wa mudzi wina panjira ya ku Lituhi, usanafike ku Ngumbo. Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi awiri. Mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa ku Mbinga. Mkazi wanga anamwalira dzinja limenelo lisanayambe, ndipo abale ake anakamuika kwawo, m'manda a tchalitchi chawo.

Iye anali Mkatolika, ine ayi, ndipo palibe amene anakokera mnzake kwawo. Lamulungu tinkatuluka limodzi m'nyumba, n'kukapatukana pamphambano. Misa yawo inkatha msanga, pamene abusa athu ankakonda kulalikira. Pokhotera njira yake ankati, "Natangulia. Mundipeza pa mango." Natangulia ndiye kuti ndatsogola; theka Chiswahili, theka Chichewa, ndi mmene tinkalankhulira m'nyumba mwathu. Mtengo wake wa mango unali kuseri kwa msika, ndipo mwini wake sindinamudziwepo. Ndinkamupeza atakhala pa muzu, nsapato atavula, akundiuza kuti nyemba zikapserera ndikadye kwa abusa.

Tsiku lake lomaliza kuchipatala, mawu atamuthera, anandigwira chala n'kunena kuti, "Bambo, natangulia. Mundipeza." Ndinaweramira kuti amalize. Sanamalize. Malo sananene.

Maliro atatha ndinafunsa anthu awiri. Abusa athu anandiyankha mokoma mtima kuti kumwamba kulibe ukwati, tonse tidzakhala ana a nyumba imodzi. Katekisiti wa kumudzi kwa mkazi wanga anandiyankhanso mokoma mtima kuti Mulungu ndi wachifundo, koma manda awo ndi a anthu a mpingo wawo. Ndinathokoza onse awiri. Pansi pano sindidzagona pambali pake, kumwamba sadzakhala mkazi wanga. Nanga ndikamupeza kuti, ndipo ngati ndani? Funso limeneli ndinkadzuka nalo, n'kusoka nalo mayunifolomu a ana a sukulu tsiku lonse.

Sabata imeneyo n'kuti mkulu wanga atabwera pa boti la amalonda kudzanditenga. Achimwene salankhula mozungulira.

"Iwe, ukudikira chiyani kuno? Nyumbayi ili pa malo a eni, ndipo eni ake ayamba kale kuyeza ndi maso. Ukafa akuika ndani?"

"Anthu alipo, achimwene."

"Anthu ake ati? Amene mpaka lero akukutcha Mmalawi ngati ulibe dzina? Abambo anagona uko, amayi anagona uko. Malo ako alipo pambali pawo. Kuno adzakukwirira kumapeto kumene amamangirira mbuzi."

Ndinavomera. Makina tinawakulunga m'thumba n'kukawasiya padoko, ndipo mwini boti anati tinyamuka Lachinayi m'mawa nyanja ikalola. Chinatsala ndi chimodzi. Kwathu munthu sachoka pakhomo osatsanzika, ngakhale pakhomo pa malemu. Ndinakhala ndikuzengereza mpaka tsiku lomaliza.

Munthu wa ku Vietnam uja ntchito yake inali yokonza minara ya foni m'mphepete mwa nyanja monse. Anthu ankamutcha Mchina, ndipo anali atatopa kuwauza kuti si Mchina. Ndinamusokerapo chikwama cha zida ndi jasi la mvula, n'chifukwa chake tinkadziwana. Iye ankanditcha fundi, ndiye kuti mmisiri, inenso ndinkamutcha fundi. Tinkalankhulana m'Chiswahili, changa cha Chimalawi, chake choduka mchira. Tsiku limenelo mnara wa kumpoto unali utazima, mafoni a kumeneko sankagwira, ndipo anati akanditula kumudzi n'kudzanditenganso pobwerera, dzuwa lisanalowe.

Tinayenda bwino mpaka masana. Mvula tinaiona ili kumapiri, yakuda, koma pamsewu inkangowaza. Mtsinje woyamba wopanda mlatho tinauwoloka madzi ali m'kakolo. Titayenda pang'ono tinafika pa wachiwiri, ndipo fundi anazimitsa pikipiki. Madzi anali ofiira ngati thope la njerwa, akukokolola thunthu la nthochi ndi mizu yake yomwe. Tinayang'anana, n'kutembenuka. Pofika pa woyamba uja, nawonso unali utadzaza, ukulira kuposa mnzake. Mitsinje ya kuno ndi mmene ilili. Imatsika phiri mothamanga, siichenjeza.

Pakati pa mitsinje iwiriyo panali minda ya chinangwa, ndi chigayo chakale chimene mwini wake anachotsamo makina. Denga la malata linalipo, khoma la kunyanja linali litagwa theka. Nyumba za anthu tinkaziona kutsidya kwa madzi, utsi ukutuluka. Tinalowetsa pikipiki m'chigayomo, mvula yeniyeni n'kufika.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwauze achimwene. Inalibe mtandao, netiweki yake, ngakhale kadontho.

"Fundi," ndinatero, "ndakhala pansi ndi mwini mtandao, koma sindingathe kuimba?"

"Mtandao uli uko," anatero akuloza kumpoto. "Ine ndili kuno. Nanunso ndinu telala, koma malaya anu ang'ambika m'khwapa."

Zinali zoona. Ndinangokweza phewa.

Malata ankalira pamutu pathu. Ine ndinkangowerengera m'mtima. Kumpoto kuli manda, sindingafikeko. Kummwera kuli boti, sindingafikeko. Kum'mawa phiri, kumadzulo nyanja. Ndinatuluka kangapo kukayang'ana madzi, n'kuzika kamtengo m'mphepete kuti ndione ngati akuphwa. Nditabwererako ndinapeza kamtengo katapita.

Mvula itayamba kuchepa, fundi anatsegula chikwama chija ndinamusokera. Anatulutsa nthochi ziwiri ndi kapaketi ka mabisiketi, n'kuziyala pa njerwa pamene khoma linagwa, moyang'ana kunyanja. Ndinaganiza kuti ndi chakudya chathu, ndipo ndinali nditayamba kale kusendera. Kenako anatulutsa timitengo tonunkhira, koma timitengoto tinali titanyowa, tinakana moto. Anadandaula m'chinenero chake, n'kuyatsa ndudu, n'kuizika m'dothi mutu uli m'mwamba. Anagwada, manja ataphatikiza, akunong'ona mawu amodzimodzi mobwereza. Ndinabwerera pamalo panga.

Atamaliza anandiyang'ana, n'kuloza kunyanja.

"Mama yangu yuko ng'ambo," anatero. "Magharibi."

Kuno mawu akuti ng'ambo, ndiye kuti tsidya, ali ndi tanthauzo limodzi. Munthu akati akupita ng'ambo, akupita ku Malawi. Shuga wa ng'ambo, mkazi wa ng'ambo, wailesi ya ng'ambo. Ndipo magharibi, kumadzulo kumene ankaloza, tsiku lopanda mitambo umaona mapiri a kwathu. Ndinadabwa, koma ndinasangalalanso.

"Amayi anu ali ku Malawi? Aa, fundi, bwanji osandiuza nthawi yonseyi? Ali ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu? Ine mawa ndikuwoloka. Mukanakonza kaphukusi ndikanawatengera."

Anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Kenako anayamba kuseka, anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta misozi ndi dzanja la jasi.

"Kaphukusi!" anatero. "Fundi, amayi anamwalira. Lero akwanitsa chaka."

Manyazi anandigwira. Ndinapepesa m'Chiswahili, ndinapepesanso m'Chichewa. Iye anati ndisadandaule, amayi ake akanaseka kuposa iye, ndipo chimene chiwakwiyitse lero ndi nduduyo, poti fodya ankadana naye.

Ndiye anandifotokozera, pang'onopang'ono, akusaka mawu. Kwawo amatsata Buda, ndipo moyo uno amauyerekeza ndi gombe lino, kwinako ndi tsidya. Amayi ake ankakhulupirira kuti kumadzulo, kutali kupitirira maiko osawerengeka, kuli dziko loyera la Buda wina wa kuwala kosatha. Aliyense woitana dzina lake ndi mtima wonse, akamwalira amakabadwira kumeneko, mkati mwa duwa la kakombo pa dziwe. Kumeneko kulibe matenda, ndipo amene anakondana amapezana. Amayi akewo ankaitana dzinalo m'mawa ndi madzulo, ngakhale akusankha mpunga, ndipo ankamuuza kuti, "Ndikakusungira duwa pafupi ndi langa."

"Dziko la kumadzulo ine ndikulidziwa," ndinatero. "Kuli udzudzu, misewu ya mayenje, ndi achimwene."

Anasekanso. Koma ine m'mtima ndinachita nsanje. Mayi ameneyo ananena malo. Ananena mpaka pokhala.

"Ndiye inu muli bwino," ndinatero. "Mukudziwa kokawapeza."

Anatenga nthochi imodzi pa njerwa paja n'kundipatsa, akuti amayi amaliza kudya, yotsalayo ndi yathu. Kenako anati vuto ndi mkazi wake.

Mkazi wakeyo ndi wa kummwera kwa dziko lawo, wa mtundu wina, kumene amonke amavala nsalu zachikasu ndipo amayenda m'mawa ndi mbale kulandira chakudya. Nawonso ndi a Buda, koma za dziko la kumadzulo sazivomereza. Iwo amati munthu akafa amabadwanso molingana ndi ntchito zake, mwina pafupi, mwina kutali, mwina munthu, mwina chinthu china, ndipo za kale saazikumbukira. Palibe amene amakhala pansi kudikira mnzake.

"Mukhoza kukumana pamsika," anatero, "iye akugulitsa tomato, inu mukugula, mukukanganirana mtengo, osadziwana."

Ndinaganiza za amayi onse amene ndinakanganapo nawo mtengo pamsika wa Mbamba Bay.

"Nanga inu awiri? Akazi anu amati bwanji za inu?"

"Amati mitima ikafanana, ndi ntchito zikafanana, anthu amagweranso pamodzi. Ngati asodzi awiri odziwa malo amodzi a nsomba. Sapangana, koma m'mawa amapezana pomwepo. Koma amatinso usamugwire kwambiri wakufa. Ukamugwira umamulemetsa, amalephera kuyenda."

Anati amayi ake ndi mkazi wake anakangana za zimenezi zaka zonse, akuphika m'khitchini imodzi. Amayi ankati mpongozi wawo akufuna kuzungulira ngati bulu wa pachigayo mpaka kalekale. Mpongozi ankati apongozi akufuna kukwera basi osalipira. Amayiwo atadwala, iye anali kuno, pamwamba pa mnara, ndipo sanathe kupita. Mkazi wake ndi amene anakhala pambali pa mphasa, akuitana dzina lija pamodzi ndi amayi achikulire a m'mudzimo mpaka mpweya unatha, ngakhale iye mwini salikhulupirira dzikolo. Maliro atatha anapita kwa amonke a kwawo, nakachitanso mwambo wawo. Amatenga kabotolo ka madzi n'kumathira pang'onopang'ono m'kambale mpaka madzi asefukire, kutanthauza kuti zabwino zimene wachita zitsikire kwa malemu kulikonse kumene wabadwira, monga mtsinje utsikira kunyanja.

"Anachita zonse ziwiri?" ndinafunsa. "Nanga chinafika ndi chiti?"

"Fundi, foni yanu ili ndi malayini angati?"

"Awiri."

"Chifukwa chiyani?"

"Wina akakana, wina amagwira."

"Basi."

Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa. "Lero onse awiri akana."

Anaiyang'ana, n'kugwedeza mutu. Ulendo uno sanaseke.

Mpaka pamenepo ndinali ndisanauzepo munthu mawu omaliza a mkazi wanga, ngakhale mwana wathu. Sindikudziwa chifukwa chake ndinamuuza iye. Mwina poti anali mlendo kuposa ine. Ndinamuuza za mango, za chipatala, za abusa ndi katekisiti, za achimwene ndi malo ondisungira pambali pa makolo. Ndinkayembekeza kuti munthu wodziwa njira ziwiri akhala ndi yachitatu yondipatsa.

Analibe. Anati, "Mwina sananene malo chifukwa sankawadziwa. Amayi anga ankadziwa kwambiri, mpaka mtundu wa duwa. Tsopano taonani. Ndikaitana dzina n'kupita kumadzulo, mkazi wanga sadzakhalako. Ndikatsata mkazi wanga, amayi adzakhala ndi duwa lawo lopanda munthu. Ndikakhala pamwamba pa mnara ndimaganiza zimenezi, mpaka ndimaiwala chimene ndakwerera."

"Ndiye mudzatani?"

"Ndidzamaliza kontrakiti," anatero. "Zinazo sindikudziwa."

Ndinaona kuti tinali anthu awiri a matenda amodzi. Iye amayi kumadzulo, mkazi kwina. Ine makolo kumadzulo, mkazi kumpoto. Aliyense akuti bwera kuno, ndipo thupi ndi limodzi.

Mvula inaleka dzuwa litapendeka, koma madzi sanaphwe. Ndinapitanso kumtsinje wa kummwera. Kutsidya kunali anyamata awiri a mabodaboda, akabaza a njinga zamoto, nawonso akudikira. Ndinakuwa kuti wina akabwerera ku Mbamba Bay akawauze achimwene padoko kuti ndili moyo. Iwo anakuwanso zawo. Madzi anameza zonse, tinangoonana pakamwa. Mmodzi anandikwezera chala chachikulu, sindikudziwa kuti ankavomera chiyani.

Tinazula chinangwa chimodzi m'munda wa eni, fundi n'kusiya kachingwe kochajira foni pa phata lake ngati chipepeso. Tinadya chosaphika ndi mabisiketi a amayi ake. Tinagona momwemo, iye pa jasi, ine pa matumba akale onunkha gaga.

Ndinadzuka kusanayere bwino, ndili ndi chinthu m'mutu chimene ndinali nditachiiwala zaka zambiri. Lamulungu loyamba titangokwatirana, mkazi wanga sanatchule mango. Tinafika pamphambano, onse awiri tili ndi manyazi poti anthu ankatiyang'ana, ndipo anangoti, "Mundipeza," n'kukhota. Ndili m'tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkadzifunsa kuti ndikamupeza kuti, kunyumba kapena pakhomo pa tchalitchi chawo, pamene sindinkafuna kukaima ngati wopempha. Titaweruka ndinangoyamba kuyenda njira yanga ya masiku onse, yodzera kuseri kwa msika, poti ndinkapewa anthu a pamabawo. Ndinamupeza pamenepo. Nditamufunsa kuti bwanji sananene malo, anati, "Ndinene chiyani? Njira yanu ndi imodzi ngati ya mbuzi ya kwa neba." Za mango zinayamba kutchulidwa pambuyo pake. Iye sanasankhe mtengo. Anangokhala pamene ankadziwa kuti ndidutsa.

Sindikunena kuti zimenezi zinayankha funso langa. Ndinaphunzira sukulu mokwanira kudziwa kuti akufa sakhala pa mizu ya mitengo. Abusa akanamva akanandidzudzula, ndipo mkazi wa fundi akanati ndikumulemetsa malemu. Mwina ndi zoona. Koma ndinaona chinthu chimodzi poyera. Njira zanga za ku Nkhotakota mkazi wanga sankazidziwa. Anapitako kamodzi kokha, nyanja inamudwalitsa ulendo wonse, ndipo anakhala masiku akewo ali chigonere kwa alamu ake. Njira zanga zimene ankazidziwa ndi za kuno: kuchokera kunyumba kupita kushopu, kuchokera kushopu kupita kutchalitchi, kudzera kuseri kwa msika. Achimwene ankandipatsa malo odziwika, oti aliyense akhoza kuloza ndi chala. Iye anandisiyira mawu opanda malo. Ndipo mawuwo ankagwira ntchito pokhapokha ine ndikapanda kusintha njira.

Kutayera tinapita kukayang'ana mitsinje. Yonse iwiri inali itaphwa mpaka m'mawondo, itasiya mchenga ndi zinyalala pamsewu. Fundi anapukuta mpando wa pikipiki ndi chipewa.

"Ine ndikupita kumpoto, mnara ukundidikira," anatero. "Inu mukawoloka uku mupeza bodaboda. Mukathamanga boti mulipeza. Koma zonse ziwiri simungathe."

Ndinaima pamsewu. Anyamata a mabodaboda aja anali atafika kale kutsidya, mmodzi akundikodola. Nyanja inali bata, tsiku labwino lowolokera. Ndinaganiza za achimwene atagona padoko pambali pa makina anga, munthu wa zaka zoposa zanga, amene anasiya munda wake wa mpunga chifukwa cha ine. Sanalakwe kanthu. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo mpaka lero zidakali zoona.

Ndinapinda thalauza, n'kugwira pikipiki kumbuyo. Tinaikankha awiri kuwoloka mtsinje wa kumpoto.

Pamnara ntchito sinachedwe. Mphezi inali itagwetsa chinachake m'bokosi la magetsi, ndipo fundi anasintha kachitsulo n'kudzutsa jenereta. Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba. Ndisanaimbe, achimwene anaimba.

"Iwe! Uli kuti? Ndagona maso usiku wonse. Anthu akuti mitsinje yatenga munthu."

"Ndili bwino, achimwene. Madzi anatitsekera."

"Ndiye thamanga. Akukweza matumba omaliza. Ndamuuza mwini boti adikire pang'ono."

"Musamudikiritse. Ndili kumpoto."

Ndinkamva injini ya boti ndi anthu akukuwa kumbuyo kwawo.

"Makinawo muwatsitse," ndinatero. "Muwasiye kwa mlonda wa padoko, amandidziwa. Inu tsogolani. Ndikupezani."

"Undipeza liti? Mawu amenewo unawauza amayi tsiku unkachoka, ndipo unawapeza ali m'bokosi."

"Ndamva, achimwene."

"Wamva chiyani? Mkazi ameneyo anakudyetsa chiyani, choti mpaka ali m'manda akukulamulirabe?"

"Nyemba zopserera," ndinatero.

Sanaseke. Anapuma mwamphamvu, n'kunena kuti malo aja awasungabe, koma asadzamve kuti ndaikidwa ndi mbuzi. Ndinawafunira ulendo wabwino, ndi moni kwa alamu ndi ana. Foni anadula ndi iwo.

Fundi ananditula pamphambano ya kumudzi. Ndinamufunsa ngati ndingamulipire mafuta, anakana, anati ndidzangomusokera thumba lina la timitengo take kuti tisamanyowe. Ndinayenda ndekha mpaka kumanda. Mvula inali itagwetsa mtanda wamatabwa chammbali, ndipo udzu unali utamera mpaka kubisa dzina. Ndinabwereka khasu panyumba yoyandikira. Ndinadzutsa mtanda, n'kuupondera dothi ndi miyala, kenako ndinalambula manda onse ndi kanjira kofikira pamenepo. Ndinali ndi botolo la madzi m'thumba, ndipo ndinakumbukira mwambo wa mkazi wa fundi. Sindinathire. Mvula inali itathira kale okwanira.

Mawu otsanzikira amene ndinakonza sabata yonse sindinawanene. Ndinakhala pansi, ndinavula nsapato, n'kumuuza kuti, "Mayi, sindikupita. Njira ndi yomwe ija."

Ndinabweza khasu kwa eni ake, n'kutsikira kumsewu kukadikira chokwera, poti makina anali padoko ndipo mayunifolomu a ana awiri ndinali ndisanawamalize.